Ampulifaya ya gitala muigulitse kuti: kwa mnzanu, pa Facebook, kutchalitchi kapena kwa okonza mawailesi?

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimbira foni ndi funso limodzi: akufuna kugulitsa ampulifaya, bokosi lija lokweza mawu a gitala, ayambire pati. Ine ndagulitsapo anayi, ndipo iliyonse inatulukira khomo lakelake. Ndilembe kamodzi, ndileke kumangobwereza.

Ndiyambe ndi njira imene inandiluma. Mu Okutobala 2023 ndinagulitsa Peavey Bandit 112 kwa mnzanga amene timaimba naye m'maukwati. Amene munaigwirapo Bandit mukuidziwa: mawati 80, sipika imodzi ya mainchesi 12, yolemera ngati thumba la chimanga koma yosafa. Mutha kuigubuduza pa matola kuchoka ku Limbe mpaka ku Thyolo, usiku womwewo n'kuimbira bwinobwino. Tinagwirizana K300,000. Anandipatsa K100,000 pamanja, nati, "Zotsalazo achimwene musadandaule, tikangothana ndi maukwati a Disembala ndikupatsani zonse." Sitinalembe kalikonse. Ungamulembetse bwanji kalata munthu amene mumadyera mbale imodzi kuseri kwa holo?

Patangopita masabata ochepa, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Zida zoimbira sitipanga kuno, zonse ndi zoitanitsa kunja, ndiye mitengo yake inadumpha nthawi yomweyo, ngakhale ya zakale zomwe. Ine ndinagulitsa Bandit kuti ndiwonjezere pang'ono n'kugula ina, koma ina ija inathawa ndikuiona, pamene K200,000 yanga inali idakali m'thumba la mnzanga, ikusungunuka.

Ndalamazo zinabwera, koma zinabwera ngati madontho a denga lothonya. Lero K20,000, pakatha milungu isanu K15,000, zonse kudzera pa foni, ndipo ulendo uliwonse wokatapa kwa ejenti ndimadulidwako kenakake. Ndalama yobwera choncho sugulira chinthu, imathera ku ndiwo ndi mayunitsi. Chimene chinandiwawa kwambiri si chimenecho ayi. Mu Malichi anabwera nayo kunyumba, akuti ikulira mosokosera, ndiye ndalama yokonzetsera tichotse pa ngongole. Nditafunsitsa ndinamva kuti anakaimbira ku chinkhoswe kumudzi, ataiika pa jenereta imodzi ndi firiji komanso masipika a DJ. Ampulifaya inachoka kwanga ili bwino, koma chifukwa anali asanamalize kulipira, m'mutu mwake inali idakali yanga ikawonongeka, yake ikamalira bwino. Ndinavomera kuchotsa. Ndikanakana, Loweruka lotsatira tikanayang'anana bwanji pa siteji?

Facebook ndi magulu a oimba a pa WhatsApp ndi msika waphokoso, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno: wogula amabwera ndi ndalama, mumasiyana tsiku lomwelo. Kumeneko ndinagulitsa Boss Katana 50, ndipo sinathe sabata, chifukwa anyamata amaidziwa kale poonera pa YouTube. Konzekerani kuyankha anthu makumi awiri ofunsa "zomaliza zingati?" asanaione n'komwe, ndi ena ofuna kusinthitsa ndi foni. Jambulani kavidiyo mukuimba, mukupotokola mabatani onse kuti amve okha kuti palibe lokhwekhwereza. Ndipo musakhulupirire uthenga woti ndalama zalowa umene wogula akukuonetsani pa foni yake; yang'anani pa yanu, muone balansi. Ngati ali ku Mzuzu inu muli ku Blantyre, nkhani ya amene alipire ndalama yoitumizira pa basi ithe musanagwirizane mtengo, apo ayi phindu lanu lidzathera pa katundu.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa ndaonapo anthu akudana pa nkhani imeneyi. Magetsi athu ndi mavoliti 230. Ampulifaya yochokera ku America nthawi zambiri imakhala ya 120, imafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu. Ngati yanu ndi yotero, gulitsani pamodzi ndi thiransifomayo ndipo mumuuze wogula kawiri, mumate ndi kapepala kumbuyo. Akaiwala n'kuilowetsa m'khoma mwachindunji, mwayi ndi woti ingopsa fyuzi, koma kawirikawiri imapita ndi zam'kati, ndipo adzati munamugulitsa yakufa. Za ku South Africa zilibe vuto limenelo, ndi pulagi yokha ya mano obulungira yofunika kusintha.

Tchalitchi ndi kumene mtima wanga unakhazikika, ndipo sindibisa kuti ndikukondera. Ndi kochedwa. Mtsogoleri wa kwaya akaikonda, amakauza komiti, komiti imadikira msungichuma, msungichuma amadikira Lamulungu la pepa sande. Kwa ine zinatenga pafupifupi mwezi. Koma tsiku lolipira analipira zonse, anandilembetsa risiti, a mkulu wa mpingo n'kusainira ngati mboni, ndipo sanabwerenso. Iwo safuna zambiri: ilire mokweza, ilire moyera, isafe pakati pa chitsitsimutso. Dziwani chabe kuti adzalowetsamo chilichonse, kiyibodi, maikolofoni, nthawi zina ndi besi yomwe, ndiye anenereni pamaso pa mboni kuti besi imang'amba sipika ya gitala.

Ampulifaya ya mavalavu (timachubu tagalasi tokweza mawu m'kati mwake), monga Fender Hot Rod Deluxe, musapite nayo kutchalitchi. Mavalavu ake a 6L6 amatha ngati mababu, ndipo ena muyenera kuitanitsa kunja. Imeneyo dikirani munthu wa situdiyo amene akudziwa chimene akugula, ngakhale mudikire miyezi.

Okonza mawailesi ndi ma TV m'tauni amalipira pompopompo, koma amagula ngati akugula zitsulo. Ndinawapatsa Marshall MG yaing'ono imene inali itafa kale, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yawo. Yamoyo musawaonetse.

Ndiye mukandifunsa, ndimati yambani mwafunsa makwaya a m'dera lanu, ndipo pamene komiti ikukhala ikani pa Facebook. Amene ayambe kufika ndi ndalama yonse atenge. Mnzanu woimba naye akaifuna, mutsitsireni mtengo ngati mumamukonda, chotsani ngakhale K30,000, koma alipire zonse asanainyamule. Ena adzati ndikulankhula ndi mkwiyo, kuti pali anzathu okhulupirika amene amalipira pa tsiku lake. Alipo, ndawamvapo. Wanga uja anatsala ndi K25,000 imene sitiitchulanso. Loweruka lapitali tinali limodzi pa ukwati ku Chilomoni, iye kumanja ine kumanzere, Bandit ija ili kumbuyo kwake, ikulira bwino kuposa imene ndili nayo panopa.