CorelDRAW, Illustrator, Canva kapena Affinity: ntchito ya mpikisano waukulu tiipangire pati?

Mpikisano waukulu ukayandikira, kaya AFCON kaya World Cup, foni za ife opanga ma design mu Lilongwe muno sizipuma. Mwini bala ku Bwandilo akufuna banner yoitanira anthu kudzaonera mpira, kampani ina ikufuna malaya a antchito ake, wina akufuna ndandanda wa masewero woti amate pakhoma. Zinali choncho mu Januwale 2022 Flames ili ku Cameroon, makamaka itadutsa m'magulu n'kukakumana ndi Morocco, ndipo zinabwerezanso mu Disembala chaka chomwecho masewero a achinyamata a Region 5 atachitikira mumzinda uno. Ntchito zambiri zotere umapanga mmene mutu wakuuzira. Koma limafika tsiku limene kasitomala wokhala ndi chilolezo chenicheni akutumizira foda ya ma logo pamodzi ndi PDF yamasamba ambirimbiri ya brand guidelines. Pamenepo m'pamene pulogalamu yako imakuombola kapena kukuchititsa manyazi.

Kwa amene simunakumane nalo, bukuli ndi la malamulo. Limanena mpata woyenera kusiya mozungulira logo, kuchepa kumene logo siyenera kudutsa, manambala a mtundu uliwonse wa utoto mu Pantone (mabuku a mitundu yokhala ndi manambala), CMYK (mitundu ya makina osindikizira) ndi RGB (mitundu ya pa skirini), font yololedwa, ndiponso pamene dzina la wothandiza mpikisano liyenera kukhala. Dzina lenilenilo nalonso ndi lamulo: AFCON pa zikalata zake imayamba ndi TotalEnergies, ndipo sungalichotse chifukwa choti malo akuchepera. Ma logo a masiku ano ndi ovutanso kuposa akale. Ya World Cup 2026, imene FIFA inaonetsa ku Los Angeles mu Meyi 2023, ili ndi chithunzi chenicheni cha chikho patsogolo pa nambala 26, ndipo mizinda 16 yochitira masewero ili ndi mitundu yakeyake. Chinthu chotere sungachijambulenso ndi dzanja. Fayilo imene wapatsidwa iyenera kutuluka m'kompyuta mwako mmene inalowera.

Ndiyambe ndi Illustrator ya kampani ya Adobe, poti mafayilo oterewa kawirikawiri amabwera mu AI (fayilo ya Illustrator yomweyo), EPS kapena PDF, ndipo kwawo ndi kumeneko. Ukatsegula, mithunzi ili pamalo pake, mitundu ili ndi mayina ake, mizere yoonetsa mpata wa logo ikuoneka bwinobwino. Pa nkhani yosunga fayilo ya eni ake osaipotoza, palibe woiposa. Vuto ndi thumba. Adobe sagulitsa kamodzi, umalipira mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mnyamata wogwira yekha m'kachipinda ku Area 25 amayamba waganiza kawiri. Madolawo kuti uwapeze pa khadi ndi nkhondo inanso. Onjezanipo kuti kumapeto kwa 2022 mabuku ambiri a mitundu ya Pantone anachotsedwa mu mapulogalamu a Adobe, moti ofuna onse amalipira padera. Mwayi wake ngwakuti fayilo ya mpikisano imabwera kale ndi mitundu yake, ndipo manambala a CMYK ali m'buku la malamulo lija.

CorelDRAW ndiye wakwathu. Ambirife tinaphunzirira pa iyeyu, ndipo mukazungulira malo osindikizira ku Old Town, cha ku Malangalanga uko, mupeza kuti mnyamata wa pa makina akufunsa kuti "muli ndi ya Corel?" asanafunse n'komwe kukula kwa banner. Pa ntchito yodula vinyl, yolemba manambala kumsana kwa jezi, kapena yopanga mabaji mazana angapo aliyense ndi dzina lake, ine ndimaona kuti Corel imathamanga kuposa Illustrator. Masamba ambiri mu fayilo imodzi siziyivuta, Pantone ilimo kale, ndipo ilipo njira yoigula kamodzi osamalipira mwezi uliwonse.

Koma apa ndikhalitsepo, chifukwa m'pamene ndinapsa. Kampani ina yothandiza masewero inandipatsa ntchito ya banner ya mamita atatu. Logo inabwera mu AI, ine n'kuilowetsa mu Corel monga mwa nthawi zonse. Pa skirini zonse zinali bwino. Nditapita kokasindikiza, Corel yawo inali yakale kuposa yanga, fayilo inakana kutseguka, ndiye ndinaisunganso motsitsa version, mothamanga, galimoto ya kasitomala ikudikira panja. Titafunyulula banner ija pansi pakhonde, kufiira kunali kwasanduka ngati njerwa yosapsa bwino, ndipo mthunzi wofewa umene unali kuseri kwa logo unatuluka ngati bokosi lotuwa lam'mbali zinayi. Mayi amene anabwera kudzalandira katunduyo anatsegula buku la malamulo pa foni, n'kuiika pafupi ndi banner, osakweza mawu n'komwe. Anangoti, "Achimwene, izi ife sitingakweze pa bwalo." Ndinasindikizanso ndi ndalama zanga, phindu lonse la ntchitoyo n'kuthera pomwepo.

Nditafufuza ndinapeza kuti mlandu sunali wa Corel yokha. Mitundu ina inali italowa ngati RGB ine osayang'ana, ndipo mbali zoonekera mkati za fayilo ya Adobe sizimasamuka bwino nthawi zonse. Chiyambire tsiku limenelo, logo ya eni ake sindiimasula zidutswazidutswa mu Corel. Ndimaiika yathunthu ngati PDF, zolemba zanga ndimazisandutsa ma curves, kutanthauza zojambula, ndi Ctrl+Q kuti font isasinthike pa kompyuta ya wina, ndipo kokasindikiza ndimapita ndi PDF, osati CDR, fayilo ya Corel.

Canva siyofunika kuinyoza, ngakhale anzanga ena amaitenga ngati chidole. Mpira ukatha, mphindi zisanu zisanakwane anthu akufuna kuona zigoli pa Facebook ndi pa WhatsApp status, ndipo mtsikana woyendetsa tsamba la kampani amatha kusintha manambala pa foni ali pa bwalo pomwepo. Illustrator singakupatse zimenezo. Koma Canva inabadwira skirini. Kutulutsa PDF ya CMYK, kuikamo font ya mpikisano, kusunga mitundu yonse mu Brand Kit, zonsezi zili ku mbali yolipira. Imadaliranso intaneti, choncho bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa magetsi atathima, ntchito yaima. Choopsa chachikulu n'chakuti aliyense amatha kugwira logo ndi chala n'kuisuntha, kuidula kapena kuiika pa chithunzi chodzaza zinthu, zimene buku la malamulo limakaniza. Ine ndimapanga template yokhoma bwino, logo ili pamalo pake, n'kuwasiyira malo a zigoli ndi mayina okha. Ya pa intaneti ipite ku Canva. Yokasindikiza ayi.

Imene ndikufuna muiyese ndi Affinity. Inapangidwa ndi kampani ya Serif ya ku Nottingham, Canva inaigula mu Malichi 2024, ndipo kuyambira kumapeto kwa Okutobala 2025 ndi yaulere. Imagwira CMYK yeniyeni, ili ndi Pantone, imatsegula PDF ndi EPS, ndipo ukaiika pa laputopu ntchito ya tsiku ndi tsiku siidya bandulo ngati Canva. Kwa mnyamata amene wakhala akudalira pulogalamu yobedwa yodzaza ma virus, imene imatseka yokha usiku wa tsiku lopereka ntchito, iyi ndi njira yoyera. Zofooka zake zilipo: sitsegula CDR, sisunga mu AI, ndipo fayilo ya AI imaiwerenga kudzera mu PDF imene ili mkati mwake, choncho ngati wotumizayo sanaiikemo, upeza tsamba lopanda kanthu. Kasitomala amene akufuna umubwezere fayilo ya AI yoti ena akapitirize, Affinity sikukwanira. Inkscape nayo ndi yaulere ndipo imatsegulako CDR, koma imaganiza mu RGB, ndiye pa ntchito yosindikiza ya mtundu uwu ine sindiiika pa mzere.

Pali chinthu chimene pulogalamu iliyonse singakupatse, ndicho chilolezo. Mwini bala akakutumizira logo ya World Cup yotapa pa Google, yofinyika kale ndi WhatsApp, n'kunena kuti uiphatikize ndi dzina la bala yake, dziwa kuti chizindikirocho chili ndi eni ake ndipo amachilondera. Mu 2010 ku South Africa, pa masewero a Netherlands ndi Denmark, atsikana ovala madiresi a olenji okhudzana ndi kampani ya mowa ya Bavaria anatulutsidwa m'bwalo, chifukwa kampaniyo sinali wothandiza mpikisano wovomerezeka. Ngakhale akuluakulu amagwa nazo: logo yoyamba ya Olympics ya Tokyo 2020 inachotsedwa mu 2015 wojambula wina wa ku Belgium atadandaula kuti ikufanana ndi yake. Kasitomala wa ku Bwandilo ndimamuuza mwaulemu kuti, "Bwana, tiyeni tipange yathu." Mpira, mbendera za maiko amene akusewera, nthawi yoyambira, mawu akuti mpira ulipo pano lero. Anthu amabwera ndithu.

Ndiye ine ndimagawa chonchi. Foda ya eni mpikisano ndimaitsegula mu Illustrator ngati ntchitoyo ikulipira mokwanira kubweza ndalama ya mwezi umenewo, apo ayi mu Affinity. Zodula, manambala a jezi ndi mabaji ndimamalizira mu Corel. Ndisanalole makina kudya mamita atatu a banner, ndimapempha andisindikizire kachidutswa kotalika ngati chikhatho, pamene pali logo ndi kufiira kuja, n'kutuluka nako panja padzuwa kukakayerekeza ndi buku la malamulo.