Laibulale ya ku Mandala House: ingakuthandizeni bwanji pofufuza mbiri ya agogo?

Amene akufuna kudziwa za kholo lawo lomwe linamwalira kalekale kawirikawiri amauzidwa kuti akayambire ku Mandala House ku Blantyre, nyumba ya nsanjika yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. M'chipinda chapamwamba ndi momwe muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Malangizowo ndi abwino, koma pitani mukudziwa chimene mukapeze.

Kuno si kumene mungatchule dzina la agogo n'kukutulutsirani fayilo yawo. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndiye munthu wakumudzi wobadwa cha m'ma 1890 alibe chikalata chakubadwa kulikonse. Chimene laibulaleyi ili nacho ndi mabuku akale, mapu, zithunzi ndi magazini ya bungweli yomwe yakhala ikutuluka kuyambira mu 1948. Izi zimakuonetsani dziko limene agogowo ankakhalamo: esiteti imene ankagwirako thangata, mishoni imene anaphunzirako, gulu la asilikali a KAR (King's African Rifles, asilikali a boma la atsamunda) kapena la amtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Pa mbali imeneyi mu Blantyre muno n'kovuta kupeza malo ena oposa pano.

Ntchito yeniyeni imayambira kumudzi. Musanakwere masitepe a ku Mandala, khalani pansi ndi akuluakulu osachepera atatu, aliyense payekha, makamaka a kuchikazi ngati mbumba yanu imatsata kwa mayi. Mukawasonkhanitsa pamodzi, wamkulu akayankhula enawo amangovomera. Lembani mayina onse a munthuyo, pakuti ambiri anali ndi atatu kapena anayi: laubwana, la kuchinamwali kapena kujando, laubatizo, ndi lina lakuntchito lomwe kapitawo kapena mzungu anangomupatsa. Lembaninso mfunda wake, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu ndi mpingo. Za chaka musafunse kuti "anabadwa liti", mudzangouzidwa kuti kalekale. Funsani kuti pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915 anali msinkhu wanji, chimfine cha 1918 chinamupeza ali kuti, Napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi njala ya 1949 anali ndi ana angati. Mayankho awiri otere amakwanira kuyerekeza zaka zake mosaphonya kwambiri.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa kalembedwe. Pafupifupi zonse za m'laibulaleyi zili m'Chingerezi, ndipo zambiri analemba ndi azungu amene ankalemba mayina momwe khutu lawo lamvera. Mukafufuza Thyolo simupeza kanthu, fufuzani Cholo. Mulanje ndi Mlanje, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald. Alomwe analembedwa kuti Anguru, dzina lomwe eni ake salikonda koma ndi lomwe lili m'mabukumo, ndipo Ayao m'mabuku akale kwambiri ndi Ajawa. M'zolemba zina za Chinyanja "ch" ankamulemba "c" yekha, choncho Chimwaza angapezeke ali Cimwaza. L ndi r amasinthanasinthana. Dzina limodzi liyeseni m'njira zinayi kapena zisanu musananene kuti mulibe.

Chenjezo lina: dzina la bambo lomwe banja likugwiritsa ntchito lero nthawi zambiri linali dzina loyamba la agogo ena, linangokhazikika ana atayamba kulembedwa kusukulu. Mukalifunafuna m'zaka za kumbuyo kwa munthu ameneyo, mzere umaduka. Komanso kupeza Phiri kapena Mbewe m'buku si umboni wa chibale. Pakhale zinthu zina ziwiri zogwirizana, monga mudzi ndi ntchito.

Amene mwayi umawagwera msanga ndi zidzukulu za mafumu, aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi asilikali, chifukwa anthu amenewa ndiwo ankatchulidwa mayina. Mlimi wamba, makamaka mayi, sapezeka kawirikawiri, ndipo limeneli si vuto la laibulale koma la amene ankagwira cholembera.

Tengani kope ndi pensulo, ndipo chilichonse mwapeza lembani dzina la buku, chaka ndi tsamba. Funsani kaye musanajambule ndi foni, mapepala ena ndi ofumbwa. Tsiku limodzi silikwana. Loyamba limathera pongodziwa kuti chili pati n'chiyani.

Mukachoka apa ulendo umagawika. Ngati agogo anali a mishoni ya Blantyre, yomwe inayamba mu 1876, kafunseni ku Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP za mabuku aubatizo ndi aukwati. Akatolika ayambe ku parishi, akukumbukira kuti mabuku akale analembedwa m'Chilatini: Petulo ndi Petrus, Yohane ndi Joannes. Za boma, monga milandu, malo ndi ufumu, zili ku National Archives ku Zomba. Kumeneko dziwiranitu kuti moto unatentha likulu la boma mu 1919, ndipo mafayilo ambiri a zaka za m'mbuyo mwake anapsa.