Samu pafoni: kutayipa kapena kujambula za m'kope?

Ana a Fomu 4 kuno ku Mangochi samu ikawakanika pokonzekera MSCE, amaitumiza pafoni kwa mnzawo kapena kwa aphunzitsi. Ena amatayipa, ena amalemba m'kope n'kujambula.

Kutayipa sikudya bandulo yambiri, ndipo uthenga umadutsa ngakhale netiweki ikuvuta. Vuto n'lakuti foni imaika zonse pamzere umodzi. Mwana akalemba 6+4/2, wowerenga apeza 8 chifukwa kugawa kumayamba, chonsecho mwina iye amatanthauza (6+4)/2, yomwe yankho lake ndi 5. Nayonso x2 siidziwika ngati ndi x² kapena 2x. Mabulaketi amathetsa vuto loyambalo, koma ndi angati amawakumbukira?

Chithunzi chilibe chisokonezo chimenechi. Nambala ya pamwamba imakhala pamwamba, ya pansi pansi, ndipo chojambula chimaoneka ndi ngodya zake zonse. Chimangofuna bolopeni yakuda, samu imodzi patsamba, ndi kujambulira pamthunzi, poti dzuwa la kunyanja kuno limanyezimiritsa pepala mpaka 7 kumaoneka ngati 1.

Samu yaifupi ine ndimalola kutayipa. Koma ya mafulakishoni kapena yojambula, lembani m'kope mujambule basi.