Akaunti ya ku Jersey: yabwino, koma chitetezo chake chimathera pa £50,000

Ndagwira ntchito ya unamwino ku Leeds zaka 19, ndipo chaka chamawa ndikubwerera kwathu ku Dedza. Ndalama zomwe ndinapeza nditagulitsa kanyumba kanga sindinafune kuzisintha kukhala makwacha. Ndani angaiwale Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Ndiye ndinatsekula akaunti ya mapaundi ku Jersey, chilumba cha pafupi ndi France, kubanki ya dzina lomwelo ndi yomwe ndimalandirirako malipiro kuno.

Zabwino zilipo ndithu. Pafoni imayenda bwino, mapaundi ndi madola ndimasunga pamodzi, ndipo ukaimba amayankha ndi munthu weniweni. Kutsekula kokha kunandidyera milungu isanu, mapepala kuchuluka ngati ndikufunsira pasipoti.

Chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti pa zonse zomwe tinakambirana, palibe ananditchulira pakamwa kuti Jersey si mbali ya UK. Ine ndinkangoti poti banki ndi yomweyo, chitetezo nachonso ndi chomwecho. Ayi ndithu. Ku Britain banki ikagwa, bungwe la FSCS, loteteza ndalama zomwe anthu asungitsa, linkabweza mpaka £85,000, ndipo kuyambira Disembala 2025 ndi £120,000. Ku Jersey FSCS sifikako. Ali ndi thumba lawolawo lomwe limathera pa £50,000 munthu mmodzi pa gulu limodzi la mabanki, komanso pomwe ndinkatsekula akauntiyi thumba lonselo silikanatulutsa zoposa £100 miliyoni pa zaka zisanu. Ikanagwa banki yaikulu, ngakhale £50,000 ijayo ikanatha kuperewera. Izi zinalembedwa ndithu, sindinama, koma m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto kwa chikalata. Anandionetsa ndi mlamu wanga, ine nditaikamo kale £74,000.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Nkhani ngati imeneyi inachitikapo kale pazilumba zina zonga Jersey: mu Okutobala 2008 Landsbanki Guernsey inagwa pomwe ku Guernsey kunalibe thumba la chitetezo n'komwe, ndipo Kaupthing Singer & Friedlander ya ku Isle of Man inagwa mwezi womwewo. Anthu anadikira zaka kuti alandire ndalama zawo, pang'onopang'ono.

Akauntiyo sindinatseke, ikundithandiza. Ndangochotsamo £26,000 n'kukaika kubanki ina ku Isle of Man, komwenso malire ake ndi £50,000. Ndinaonetsetsa kuti si ya gulu limodzi ndi yoyambayo. Nditawaimbira kuwauza chifukwa chake, mayi wa pafoniyo anangoti, "Mwaganiza bwino amayi." Nanga osandiuza poyamba paja bwanji?