Ma ranking a makochi pa 247Sports amaona wobweretsa mwana, womulera samuona

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito 247Sports kwa nthawi ndithu potsatira mpira wa ku America wa m'makoleji, makamaka peji ija ya Recruiter Rankings yomwe imasanja makochi othandizira malinga ndi anyamata omwe asayinitsa kuchoka ku sekondale. Webusaitiyi inayamba mu 2010, pano ili m'manja mwa CBS, ndipo pa nkhani yosunga mayina ndi manambala palibe chowanena, ukadina dzina la kochi umaona mwana aliyense yemwe anamukopa, nyenyezi zake (muyezo wa luso la mwana, zambiri zimakhala 5), komanso ngati iyeyo ndi amene anatsogolera kapena anangothandizira. Ma ranking amaoneka ulere, zolipira ndi nkhani zamkati zija za VIP. Pa foni imatsegula bwinobwino ngakhale zotsatsa malonda ndi zambiri.

Vuto langa lili pa momwe anthu tikugwiritsira ntchito pejiyi, komanso pejiyo imatikokera komweko. Munthu amangotenga sikirinishoti nkuyamba kukuwa kuti kochi wathu wa offensive line (mzere wa osewera otchinga kutsogolo timu ikakhala ndi mpira) ali nambala 90 achotsedwe basi, koma osafunsa kuti ana omwe anawapeza chaka choyamba akugwa okha pano akutchinga bwanji. Pejiyi imawerenga tsiku losayina lokha. Zaka zitatu zinayi zotsatirazo, zomwe kochi amakhala ndi mwana pa pulakatisi kumukonza kaimidwe, kaponde ka phazi, komwe ayike manja, kumuonetsa vidiyo mpaka amve, palibe pomwe zalembedwa.

Tengani Phil Parker wa timu ya yunivesite ya Iowa. Bamboyu ali pamenepo kuyambira 1999 ndi kochi wamkulu Kirk Ferentz, amaphunzitsa ma defensive back (otchinga akumbuyo), ndipo Iowa si malo omwe ana a nyenyezi 5 amathamangira. Koma m'manja mwake munadutsa Bob Sanders yemwe anadzakhala wotchinga wabwino kuposa onse mu ligi yaikulu ya NFL mu 2007, munadutsa Micah Hyde yemwe matimu akuluakulu sanamulabadire ali ku sekondale, Desmond King wa nyenyezi 3 anatenga Jim Thorpe Award (mphoto ya defensive back wabwino kwambiri m'makoleji) mu 2015, ndiye Cooper DeJean uja analanda mpira wa Patrick Mahomes nkukagoletsa mu Super Bowl (fainolo ya NFL) ya February 2025. Parker analandira Broyles Award mu 2023, mphoto ya kochi wothandizira wabwino kwambiri. Munthu wongoona nyenyezi za ana osayinitsidwa sangamudziwe nkomwe.

Ena anena kuti m'mera mpoyamba, ndipo sindikutsutsa, liwiro ndi msinkhu kochi sangaphunzitse. 247Sports imapereka nyenyezi 5 kwa ana 32 okha pachaka potengera ma pick 32 a raundi yoyamba ya NFL Draft (pomwe matimu a NFL amasankha osewera a m'makoleji), ndipo timu yodzaza ndi ana otere nthawi zambiri imakhala pamwamba. Koma Texas A&M ya 2022 tonse tinaiona. Kalasi ya ana omwe anasayinitsa chaka chimenecho inaposa ina iliyonse yomwe inasanjidwapo pa Composite (ranking ya 247Sports yophatikiza za mawebusaiti angapo) kufika nthawi imeneyo, ana 8 a nyenyezi 5, makochi awo akuwala pa ma ranking, sizoni yomweyo anapambana magemu 5 nkuluza 7, ana ambiri anabalalika kudzera pa transfer portal (njira yosamukira ku koleji ina) ndipo kochi wamkulu Jimbo Fisher anachotsedwa mu November 2023 atapatsidwa ndalama zoposa $75 miliyoni. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Pomwe pejiyi imandisokoneza kwambiri ndi pa funso loti mwanayu ndi wa ndani. Matimu ambiri amagawira makochi madera, ndiye kochi wa ma running back (othamanga ndi mpira) akhoza kulembedwa kuti wabweretsa linebacker (wotchinga) chifukwa choti sukulu ya mwanayo ili m'dera lake, pomwe womuphunzitsa adzakhala wina. Brian Hartline, yemwe anaphunzitsa ma wide receiver (owakha mpira) ku Ohio State, amatamandidwa pa zonse ziwiri, kukopa ana ndi kuwaphunzitsa, ndipo nzomuyenera, Garrett Wilson, Jaxon Smith-Njigba, Marvin Harrison Jr., Emeka Egbuka onse anatengedwa raundi yoyamba kuchokera ku Ohio State. Koma Chris Olave, amene kwa ine ndi umboni waukulu woti Hartline amadziwa kuphunzitsa, anasayina Hartline asanapatsidwe ma wide receiver mu 2018, anamutola ndi kochi wina wa Ohio State, Ryan Day, atapita ku California kukaona quarterback (woponya mpira) wina, ndipo sanali wa nyenyezi 5. Olave anatengedwa nambala 11 pa NFL Draft ya 2022. Nanga Jameson Williams yemwe anatengedwa nambala 12 tsiku lomwelo, anasayina ku Ohio State, anakhala zaka ziwiri mipira osaipeza kwenikweni, anadzaphulikira ku Alabama mu 2021, ameneyo timulembe kwa ndani?

Komanso kuyambira July 2021 pomwe NIL (osewera a m'makoleji kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo) inaloledwa, mwana akasankha timu sungalumbire kuti ndi pakamwa pa kochi pomwe pamukoka, mwina ndi ndalama za ma booster (anthu othandiza timu ndi ndalama), koma mapointi amapitabe kwa kochi.

Ine ndingoipatsa 3 pa 5. Ngati mukufuna kudziwa amene amatha kulowa m'nyumba ya makolo nkutuluka ndi siginecha, pejiyi ndi yolondola ndipo ndimaitsegulabe December iliyonse nthawi yosayina. Pofuna kuweruza kochi ndimachita kubwerera m'mbuyo zaka zinayi pa webusaiti yomweyo, kutenga mayina a ana a pozishoni yake, nkuwayang'ana mmodzimmodzi kuti ndi angati anayamba magemu, angati anathawa, angati anafika ku draft pamwamba pa nyenyezi zawo. Zimandidyera madzulo onse pa kochi mmodzi, pomwe manambala onsewo iwo ali nawo kale, akanangowonjezera kolamu imodzi pambali pa dzina.