Django LTS kapena veshoni iliyonse yatsopano: mukhazikike pati?

Amene ali ndi pulojekiti ya Django, chida cha Python chopangira mawebusaiti, amasankha njira imodzi mwa ziwiri: kukhala pa veshoni ya LTS (long-term support, yosamalidwa nthawi yaitali) n'kumasamuka kamodzi pa zaka ziwiri, kapena kumakwera veshoni iliyonse ikangotuluka. Zonse zimadalira kalendala imene a Django amatsatira. Veshoni yobweretsa zinthu zatsopano imatuluka pakapita miyezi pafupifupi 8: 5.0 inatuluka mu Disembala 2023, 5.1 mu Ogasiti 2024, 5.2 mu Epulo 2025, ndipo 6.0 mu Disembala 2025. Yachitatu pa gulu lililonse, yothera ndi .2, ndiye LTS.

Veshoni wamba amaisamalira miyezi pafupifupi 16. Miyezi 8 yoyamba amakonza zolakwika zikuluzikulu pamodzi ndi za chitetezo. Inzake ikatuluka, imangotsala ndi zokonza za chitetezo ndi za mavuto otayitsa deta, kwa miyezi ina 8. LTS imakhala zaka zitatu: 4.2 kuchokera Epulo 2023 mpaka Epulo 2026, 5.2 kuchokera Epulo 2025 mpaka Epulo 2028. Koma apa ambiri amamva molakwika. Miyezi 8 yokonza zolakwika wamba ndi yomweyo ngakhale pa LTS, chimene chimatalika ndi gawo lachiwiri lokha. Mukapeza vuto mu ORM (gawo la Django lolumikizana ndi database) chaka chachiwiri cha LTS, ndipo silikhudza chitetezo kapena kutayika kwa deta, lidzakonzedwa mu veshoni yatsopano, inu simudzalandira kanthu. Mudzalilambalala nokha mu code yanu.

Chimene chimapangitsa njira ya LTS kutheka ndi lamulo lochotsera zinthu zakale. Chinthu chikalengezedwa mu 5.0 kapena 5.1 kuti chikupita, chimagwirabe ntchito mpaka 5.2 n'kuchotsedwa mu 6.0. Cholengezedwa mu LTS chimachedwerako: cha mu 4.2 chinachotsedwa mu 5.1. Choncho pulojekiti imene ikuyenda pa LTS popanda chenjezo ngakhale limodzi la chinthu chimene chikupita iyenera kufika pa LTS yotsatira osasowa chimene imagwiritsa ntchito. Vuto n'loti machenjezo ambiri amabisika. Muwaitane dala ndi python -Wa manage.py test, mudzaona mayina ngati RemovedInDjango60Warning. Ndipo mayeso anu akapanda kudutsa pamzere umene uli ndi chinthu chakalecho, chenjezo silituluka n'komwe.

Taonani zimene zimagwera munthu wolumpha kuchoka pa 4.2 kupita pa 5.2 asanayeretse machenjezo. DEFAULT_FILE_STORAGE ndi STATICFILES_STORAGE, mizere ya mu settings.py yonena kosungira mafayilo, analengezedwa mu 4.2 kuti akupita n'kuchotsedwa mu 5.1, m'malo mwake munabwera STORAGES. Kuipa kwake n'koti seva imadzuka bwinobwino. Mzere wakale mu settings.py sawuwerenganso, ndiye mafayilo amene anthu akutumiza amagwera pa disiki ya seva m'malo mopita kosungira kwanu kwakunja. Ngati seva yake ndi ya container imene imafafanizika mukaika code yatsopano, mafayilowo apita. Chinanso ndi kutuluka mu akaunti: LogoutView inasiya kulandira GET mu 5.0, kotero linki wamba ya logout imabweza 405, nambala yosonyeza kuti pempho lakanidwa, mpaka mutaisandutsa fomu ya POST. Mu 5.0 momwemo anachotsa pytz ndi USE_L10N, ndipo USE_TZ, yoyatsa ma time zone, inayamba kukhala True ngati simunailembe. Pulojekiti yakale imene sinatchulepo USE_TZ imayamba kuona nthawi mwanjira ina popanda amene wakhudza code yake.

Wokwera veshoni iliyonse amakumananso ndi zomwezi, kungoti zimabwera pang'onopang'ono. China chikathyoka, ali ndi tsamba limodzi la release notes loti afufuzemo. Wa LTS ali ndi masamba atatu nthawi imodzi, ndipo kulozera chimene chathyola kumavuta. N'chifukwa chake ngakhale muli wa LTS, podumpha musadumphe kamodzi. Pa kompyuta yanu ikani 5.0, yendetsani mayeso, konzani, kenako 5.1, kenako 5.2. Pa seva yeniyeni muike yomalizayo yokha.

Si zonse zimene zimadutsa m'machenjezo. Mu 4.0 CSRF_TRUSTED_ORIGINS inayamba kufuna kuti adiresi iyambe ndi https:// kapena http://, popanda nyengo yoti zakale zigwirebe ntchito. Zotere zimalembedwa m'gawo la zosintha zosagwirizana ndi zakale, ndipo gawo limenelo ndi loti muliwerenge lonse, kaya muli njira iti.

Pamene njira ziwirizi zimasiyana kwambiri ndi pa zinthu zozungulira Django. Veshoni 4.2 imayenda pa Python 3.8 mpaka 3.12, pomwe 5.0, 5.1 ndi 5.2 zimafuna 3.10 kupita m'tsogolo, ndipo 6.0 imafuna 3.12. Ku PostgreSQL nakonso malire amakwera: 4.2 imalandira 12, 5.1 imafuna 13, 5.2 imafuna 14. Wotsatira veshoni iliyonse ayenera kukhala ndi mphamvu pa seva ndi database yake, chifukwa nthawi iliyonse angafunike kukweza chimodzi mwa izi. Ngati seva ili m'manja mwa dipatimenti ina kapena kampani ya hosting imene sisintha msanga, njira imeneyi ikuvutani. Ubuntu 22.04 imabwera ndi Python 3.10, ndiye 5.2 ilowa koma 6.0 ayi, pokhapokha mutaika Python ina pambali. Wa LTS nayenso asagone. Kusamalidwa kwa Python 3.10 kumatha mu Okutobala 2026, Django 5.2 ikadali ndi chaka ndi theka. Django yosamalidwa yokhala pa Python yotayidwa ndi denga latsopano pa zipupa zong'aluka.

Palinso ma package a anthu ena. Veshoni ya .0 ikatuluka, a Django amalangiza olemba ma package kuti asiye kuthandiza zonse zakale kuposa LTS yomaliza. 5.0 itatuluka, malangizo anali osiya zonse za m'mbuyo mwa 4.2, pamene 3.2 inali isanathe nthawi yake. Chaka chachitatu cha LTS chimakhala chouma chifukwa cha zimenezi: Django ikukutumiziranibe zokonza, koma ma package amene mumadalira akusiyani. Kumbali inayo, wothamangira .0 sabata yoyamba amapeza ma package ena asanakonzeke, ndipo nzeru n'kudikira milungu ingapo kuti .0.1 ituluke.

Zatsopano zimakopa, n'zoona: db_default ndi GeneratedField mu 5.0, LoginRequiredMiddleware mu 5.1. Wa LTS anaziyembekezera mpaka Epulo 2025. Mapulojekiti ambiri kudikira kumeneko sikuwapweteka.

Ife timaona chonchi. Gulu lokhala ndi mayeso okwanira, lolamulira seva zake, ndipo likugwira code sabata iliyonse, litsatire veshoni iliyonse. Pulojekiti yosamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, kapena yoperekedwa kwa kasitomala amene amangoitana zinthu zikavuta, ikhale pa LTS, koma isamuke m'chaka chimene ma LTS awiri akusamalidwa limodzi, osadikira mwezi womaliza. Olemba library yoti ena agwiritse ntchito alibe chosankha, ayese pa LTS ndi pa veshoni zatsopano zomwe.

Mu requirements.txt lembani Django>=5.2,<5.3 kapena Django~=5.2.0, kuti zokonza za 5.2.x zizilowa zokha. Samalani ndi manambala awiri okha: Django~=5.0 imalola 5.1 ndi 5.2, ndipo pa Django kuchoka pa 5.0 kupita pa 5.1 kumachotsa zinthu, monga zinachitikira ndi DEFAULT_FILE_STORAGE ndi index_together.