Kuchoka pa PHRF kupita pa ORC: zomwe zaoneka nyengo yonse ya mipikisano itatha

Nyengo yathunthu ya mipikisano ya maboti a matanga yadutsa chisiyireni PHRF n'kuyamba kuwerengera zotsatira ndi ORC Club (zonse ziwiri ndi njira zofananizira maboti a liwiro losiyana pa mpikisano umodzi), ndipo mitima yazizira mokwanira kuti zinthu zinenedwe momwe zilili. Makalabu ena omwe akuganiza zosintha amafunsa ngati mikangano inatha. Sinathe ayi. Kale eni maboti ankalimbana ndi komiti yopereka manambala, pano akulimbana za kulemera kwa boti, muyeso wa matanga, ndi mphamvu ya mphepo yomwe oyendetsa mpikisano alengeza tsikulo. Chabwino chake n'chakuti yambiri mwa mikangano yatsopanoyi imatheka ndi tepi ndi sikelo.

PHRF, yomwe ndi yofala ku United States ndi ku Canada, imapatsa boti nambala imodzi, ya masekondi pa mailo imodzi ya panyanja. Nambala ikachepa ndiye kuti botilo ndi laliwiro. Amaigamula ndi akomiti a m'chigawo poona momwe maboti a mtunduwo akhala akuchitira, n'chifukwa chake boti la mtundu wa J/105 likhoza kukhala ndi nambala ina ku Chesapeake Bay, inanso ku Lake Michigan. Tengani maboti awiri, lina la 90, lina la 150, pa mtunda wa mamailosi 10. Akusiyana masekondi 60 pa mailo, choncho laliwirolo liyenera kutsogola ndi mphindi 10 kuti afanane. Mphindi 10 zimenezo zimakhala zomwezo kaya mphepo ikuwomba bwino kaya yafa. Tsiku la bata, mpikisano ukatenga maola atatu, laliwirolo limasiya linzake kutali kuposa pamenepo ndipo limapambana losatuluka thukuta. Makalabu ambiri amakonza zimenezi powerengera nthawi m'malo mwa mtunda: amaphatikiza 550 ndi nambala ya boti, n'kugawa 650 ndi yankholo. Maboti awiri aja amapeza 1.016 ndi 0.929, manambala omwe amachulukitsa ndi nthawi yomwe boti latenga. Laliwiro likamaliza pa mphindi 100, linzake lili ndi mpata mpaka mphindi pafupifupi 109. Likamaliza pa 180, mpata umafika 197. Zimathandiza ndithu, komabe nambala ndi imodzi yomweyo, pamene boti lolemera la matanga aang'ono silichita zofanana pa kamphepo kayaziyazi ndi pa mphepo yamkuntho.

Apa ndi pamene ORC imakopa anthu. Bungwe la Offshore Racing Congress, lomwe linayamba mu 1969, lili ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa VPP. Imatenga kaumbidwe ka thupi la boti, kulemera kwake, keel (chipsepse cholemera cha pansi pa boti), chiwongolero, mlongoti, matanga, propela ndi kulemera kwa amalinyero, n'kulosera liwiro la botilo pa mphepo ya mphamvu zosiyanasiyana, monga ma knot (mamailosi a panyanja pa ola) 6, 8, 10, 12, 14, 16 ndi 20, komanso pa mbali zosiyanasiyana zomwe mphepo ikuchokera, kuyambira pokwera mphepo, madigiri 52, 60, 75, 90 mpaka 150, n'kufika potsika nayo. Satifiketi ya boti lililonse aliyense akhoza kuiona pa intaneti, ya mnzanu yomwe.

Masatifiketi alipo a mitundu iwiri. Pa ORC International chilichonse chimayezedwa ndi woyeza wovomerezeka. ORC Club imalandira manambala omwe mwini boti wanena, omwe ali m'mapepala a kampani yopanga botilo, kapena ochokera ku boti lina lofanana nalo, ndipo pomwe pasowa, ofesi yopereka masatifiketi imangoyerekeza. Mavuto ambiri a miyezi yoyamba anachokera pamenepa, makamaka pa kulemera.

Kulemera kolembedwa m'kabuku ka kampani kawirikawiri kumakhala kochepa poyerekeza ndi boti lenileni lomwe lakhala pamadzi zaka 20. Mabatire awonjezedwa, makina okokera nangula aikidwa, thupi lamwa madzi, penti yapakidwa pamwamba pa inzake. Satifiketi ikanena kuti boti ndi lopepuka kuposa momwe lilili, VPP imaliona ngati laliwiro pa mphepo yochepa, ndipo mwini wake amalipira masekondi a liwiro lomwe alibe. Njira zokonzera ndi ziwiri: kulikweza pa kreni yokhala ndi sikelo, kapena kuyeza kutalika kwa m'mbali mwake kuchokera pamadzi, kutsogolo ndi kumbuyo, mbali zonse ziwiri, kenako kompyuta n'kuwerengera kulemera kuchokera pa kaumbidwe ka thupi. Njira yachiwiriyi ndi yosavuta kukonza koma siilekerera ulesi. Pa boti la mamita 10 kapena 11, kulakwitsa ndi sentimita imodzi kumasintha kulemera ndi makilogalamu pafupifupi 200. Madzi akhale bata, m'mawa boti lina lisanadutse n'kuvundula. Matanga onse atuluke, chakudya, zovala ndi zida zamanja zituluke, madzi a pansi apopedwe, m'boti musakhale munthu. Thanki ya malita 200 yoiwalika yodzaza ndi makilogalamu 200 enanso. Woyeza ayezenso kulemera kwa madzi omwe boti layandamapo, chifukwa madzi amchere ali pa 1.025 pamene opanda mchere ali pa 1.000, ndipo pa doko la pa mathiriro a mtsinje amakhala pakatikati.

Muyeso wa kupendekeka ndi womwe ambiri a ORC Club amaudumpha. Amatulutsa mitengo iwiri m'mbali, nthawi zambiri ya spinnaker (thanga lalikulu lofufuma lotsikira mphepo), n'kupachikapo zolemera zodziwika makilogalamu ake, kenako amasamutsa zolemerazo n'kuwerenga momwe boti likupendekekera, madigiri ochepa chabe. Zingwe zomangira padoko zikhale zolendewera, mphepo isawombe pa mlongoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woyeza wopupuluma amatulutsa nambala yoipa kuposa yongoyerekeza ija. Muyeso umenewu ndi womwe umauza VPP mphamvu ya boti yodziwongola likamakwera mphepo yamphamvu. Maboti a keel yaifupi, omwe amagona msanga mphepo ikadutsa ma knot 14, ndi omwe amapindula kwambiri akauchita. Kwa boti lomwe limangopikisana madzulo a mphepo yochepa, ndalama yake ndi bwino ipite koyeza kulemera.

Satifiketi ikangofika, werengani mzere wa kuzama kwa keel musanayang'ane china. Makampani ambiri amapanga boti limodzi ndi ma keel awiri, yaitali ndi yaifupi, mwinanso milongoti iwiri, ndipo ofesi ikatenga fayilo ya mtundu wolakwika, nambala zonse za pansi pake n'zabodza. Onaninso propela. Yopindika ndi yosapindika ya mapeni atatu zimakoka madzi mosiyana kwambiri, ndipo satifiketi imawerengera kusiyanako ngati yauzidwa zoona.

Pa matanga, VPP imatenga lalikulu kwambiri pa mtundu uliwonse n'kuganiza kuti mukuligwiritsa ntchito paliponse pamene lingathandize. Genoa (thanga lalikulu la kutsogolo) yakale ya 150 peresenti yomwe imangogona m'thumba koma ili pa satifiketi, mukuilipirira pa mpikisano uliwonse. Chimodzimodzi kulembetsa spinnaker zonse ziwiri, ya pa mtengo ndi ya asymmetric (ya mbali zosafanana): kompyuta imasankha yaliwiro pa mbali iliyonse ya mphepo, ngati kuti amalinyero anu amasintha matanga mosalakwitsa. Matanga akale a laminate amafupika ndi zaka, choncho kuwayezanso kumabweza timasekondi. Koma ena anapyola malire, anachotsa genoa n'kusiya jib (thanga la kutsogolo locheperapo) yaing'ono pofuna nambala yabwino, ndipo pa ma knot 6 boti linkangoima pakati pa mafunde a maboti ena. Chomwe chimatayika pothawa mphepo yovunduka ya anzanu sichili pa satifiketi. Musanasinthe, pangitsani satifiketi yoyeserera pa Sailor Services ya ORC, muone ngati phindu lake likukwana.

Kulemera kwa amalinyero kulinso ndi malire olembedwa pa satifiketi. Amene analemba nambala yochepa mwadala anapeza kuti tsiku la mphepo yamphamvu sangatenge munthu woonjezera wokhala m'mphepete.

Mbali yomwe makalabu ambiri saikonzekera ndi ya oyendetsa mpikisano. Pa PHRF ntchito yawo inali kulemba nthawi yomalizira basi. Pa ORC ayenera kusankha nambala yoti igwire ntchito pakati pa zambiri zomwe zili pa satifiketi. Njira yodziwika ya manambala atatu imagawa mphepo motere: yochepa, ma knot 9 kutsika pansi, yapakati, pakati pa 9 ndi 14, yamphamvu, 14 kupita m'mwamba. Ndiye taganizani tsiku lomwe mphepo ikusewera pakati pa 8 ndi 10. Boti lolemera lifuna nambala ya mphepo yochepa, lopepuka lifuna yapakati, ndipo kusankha kumeneko kukhoza kusintha wopambana. Komiti ikadikira kuti maboti amalize ndiyeno isankhe, palibe angakhulupirire kuti sinakondere. Chomwe chagwira ntchito ndi kulengeza pa wailesi ya VHF kapena ndi mbendera chizindikiro choyamba chisanaperekedwe, ndi kulemba m'malangizo a mpikisano kuti kusankhako sikungadandaulidwe. Mphepo ikasintha pakati pa mpikisano, wina aluza nazo, koma aluza pa lamulo lomwe analidziwa asananyamuke.

Pali kanthu kena kamene kanasokoneza miyezi ingapo. Mphepo ya pa satifiketi ndi ya pa mamita 10 kuchokera pamadzi. Munthu woima pa boti la komiti ndi kachipangizo ka m'manja amayeza pa mamita awiri kapena atatu, pomwe mphepo imakhala yofooka. Akawerenga 8, m'mwamba muja ikhoza kukhala itadutsa kale 9. Ikani choyezera pamwamba, kapena funsani boti lomwe lili nacho pa nsonga ya mlongoti ndipo silikupikisana.

Mtundu wa njira nawonso uli ndi nambala yake. Nambala ya windward/leeward inapangidwira njira yokwera mphepo theka, kutsika nayo theka. Mukaigwiritsa ntchito pa njira yozungulira maboya okhazikika, pomwe mbali yaikulu ndi ya mphepo ya m'mbali, maboti opepuka a asymmetric amangokolola zikho. Njira zoterezi zimafuna nambala ya all purpose, kapena kuuza kompyuta kutalika ndi mbali ya chigawo chilichonse cha njirayo. Ndipo powerengera ndi mtunda, mtundawo uyezedwe ndi GPS pomwe maboya ali, osati pomwe anayenera kukhala: theka la mailo lolakwika, pakati pa maboti osiyana masekondi 60, ndi masekondi 30 opatsidwa kwa munthu ulele. Pamalo pomwe madzi amakoka kwambiri, kuwerengera ndi nthawi kumachita bwino.

Polar Curve Scoring, yomwe kale inkatchedwa Performance Curve Scoring, ndiyo njira yolongosoka kwambiri pa zonse. Kompyuta imagawa nthawi ya boti ndi mtunda, n'kufufuza pa satifiketi yake kuti liwiro limenelo likufanana ndi mphepo ya ma knot angati. Boti lomwe latulutsa mphepo yaikulu ndi lomwe lapambana. Pa mpikisano waukulu wa komiti yodziwa ntchito ndi yabwino zedi. Pa mipikisano ya madzulo a pakati pa sabata siyenera. Amalinyero sangadziwe pamadzi kuti akutsogola kapena ayi, zotsatira zimachedwa, ndipo mphepo ikafa chigawo chomaliza manambala ake amavuta kufotokozera munthu yemwe wangotsika m'boti atatopa.

Nanga opambana anasintha? Pamwamba, osati kwenikweni. Boti loyera pansi, la matanga abwino ndi amalinyero ozolowerana linkapambana pa PHRF ndipo likupambanabe. Kusintha kunaoneka pakati pa gulu, pomwe maboti olemera anayamba kupeza malo abwino masiku a mphepo yochepa. VPP imalosera boti loyendetsedwa bwino kwambiri, siichitira chifundo ndere za pansi pa boti kapena thanga lotha, pamene komiti ya PHRF nthawi zina inkatero mosanena. Ena amamva kuwawa nazo zimenezi. Ndipo boti la mamita 8 ndi la mamita 14 zikaikidwa gulu limodzi, zimayenda m'mphepo zosiyana pa nthawi zosiyana, palibe njira yowerengera ingazifananitse. Nambala ya CDL (Class Division Length) ya pa satifiketi ndiyothandiza pogawa magulu, bola maboti akhale okwanira kugawa.

Chomwe chinatayika ndi maboti a anthu ongosangalala, obwera kawiri kapena katatu pa chaka. Kulipira satifiketi chaka ndi chaka ndi kunyamula matanga kupita kokayezetsa kunawalemera. Kalabu yosintha isiye gulu limodzi la PHRF la anthu oterewa. Kuwerengera njira zonse ziwiri chaka choyamba kumathandiza kuti anthu adzionere okha kusiyana kwake, koma chikalata cholengeza mpikisano chinene momveka kuti chikho chikupita ndi njira iti.

Komiti ikakhala ya anthu ochepa, IRC, njira inanso yofananizira maboti, ndiyofunika kuiganizira. Imayendetsedwa ndi ofesi ya kalabu ya RORC (Royal Ocean Racing Club) ku Lymington, ku England, pamodzi ndi anzawo a ku Paris, masamu ake ndi achinsinsi, ndipo imapereka nambala imodzi ya TCC yochulukitsa ndi nthawi. Mipikisano yotchuka ya panyanja ya Fastnet ndi Sydney Hobart imapereka zikho zake zazikulu pa IRC. Miyeso yambiri ya matanga ndi mlongoti ndi yofanana pa njira ziwirizi, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa ku The Hague mu 2018 unagwiritsa ntchito zonse ziwiri, choncho ntchito yoyeza siipita pachabe mukadzasinthanso maganizo.

VPP imakonzedwa chaka chilichonse, ndiye nambala yanu imasuntha ngakhale boti simunalikhudze, ndipo kambali kakang'ono ka kusunthako ndi ka zaka za boti, 0.0325 peresenti pa chaka kufikira zaka 15. Maboti onse a gulu limodzi akhale ndi masatifiketi a chaka chimodzi, apo ayi mukufanizira zotuluka m'mapulogalamu awiri osiyana. Lamulo 78.1 la Racing Rules of Sailing, malamulo a mipikisano ya maboti a matanga, limaika udindo pa mwini boti woonetsetsa kuti boti likugwirizana ndi satifiketi yake. Thanga latsopano loposa lolembedwalo, propela yosinthidwa, kapena mabatire olemera osinthidwa ndi opepuka, zonsezi zimafuna satifiketi yatsopano mpikisano usanachitike. Chikalata cholengeza mipikisano chiike tsiku lomaliza kulandira masatifiketi osinthidwa, kuti wina asamayang'ane zolosera za nyengo Lachinayi n'kubwera ndi satifiketi ina Loweruka.